Chiuno cha Apongozi

Nsalu inafika Lachiwiri, mwera ukuwomba. Inatsika m'minibasi ya ku Salima itakulungidwa m'majumbo awiri, kondakitala ataikhalira njira yonse. Tikondwe anailandira ndi manja awiri. Sanaitsegule pa siteji. Anathamanga nayo mpaka pakhonde la golosale pomwe pamakhala makina ake osokera. Anayamba wasamba m'manja.

Inali yaubweya. Mizere yobiriwira ndi yabuluu, kamzere kofiira kakudutsa pakati. Mamita asanu, basi. Ku Salima kunalibe ina yotere. Ngakhale m'mashopu a ku Lilongwe munalibe. Ukaidula molakwika, zathera pomwepo.

Anaitumiza Ella, mlongo wake wa mwamuna wa Tikondwe. Ella anapita ku Scotland kukagwira ntchito ya unamwino, ndipo mwamuna anampeza komweko. Ukwati unali Loweruka la sabata yotsatira, pa loji ina ya ku Senga Bay konkuno. Mabanja awiriwo anagwirizana chonchi: mkwati adzavala shati ya chitenje, bambo ake a mkwatibwi adzavala kiliti, chovala chokulunga m'chiuno cha amuna a kwawo kwa mkamwiniyo. Osati ija yolemera ngati bulangete ayi. Yopepukirapo, yoti munthu nkuyenda nayo.

Ella ankafuna kukasoketsa ku Lilongwe. Tikondwe ndiye anachonderera pa foni.

"Alamu, telala ali m'banja momwemuno, nsalu ikagone kwa eni?"

"Munasokapo kiliti inu?"

"Masiketi a sukulu ndasoka osawerengeka. Kupinda ndi komweko."

"Nsaluyo ndi imodzi, alamu. Anagula ndi apongozi anga. Mukaiphonya, bambo adzandiperekeza atavala suti yawo ya kumaliro ija."

"Sindiphonya."

Anayankha mosaganiza kawiri. Pakamwa pa mwana wa ku Kawale sipachedwa.

M'jumbomo munalinso timalamba tiwiri tachikopa ndi kapepala kolembedwa ndi Ella. Miyeso itatu. Woyamba, chiuno: tepi idutse pa mchombo, pamwamba pa shati yopyapyala, osati pa lamba wa thalauza. Munthu azipuma bwinobwino, asalowetse mimba mkati. Wachiwiri, pamene thupi latukuka kwambiri kumbuyo. Wachitatu, kutalika: munthu agwade pansi, msana utawongoka, muyeze kuchokera pa mchombo mpaka pansi.

Tikondwe anawerenga kawiri. Kenako anakhala pa mpando, phee.

Nafisa, mayi wogulitsa mandasi pakhonde lomwelo, anasuzumira.

"Bwanji achemwali, mwaona njoka m'jumbomo?"

Tikondwe anamuwerengera kapepalako. Nafisa anaseka mpaka kugwira chipilala.

"Apongozi anu agwade? Pamaso panu? Inu mutawakulunga tepi pa mchombo? Subhanallah! Tsikulo mundiitane, ndibwera ndi mpando wanga."

"Musauze munthu, chonde."

"Mandasi anga ndi omwe amayenda m'makomo. Pakamwa panga pamakhala pano."

Apongoziwo anali a Davie. Anaphika m'maloji a m'mbali mwa nyanja zaka makumi atatu, mpaka dzina lawo linasanduka a Shefu. Atapuma ntchito anapita ku Chinguluwe kukalima mpunga. Akazi awo anamwalira chaka chomwe Tikondwe anakwatiwa. Zaka zisanu ndi chimodzi zinadutsa. M'zaka zonsezo Tikondwe sanagwirepo dzanja lawo. Sanakhalepo nawo pa mphasa imodzi. Powapatsa moni ankagwada chapatali, nkhope atatembenuzira kumbali. Nkhani ikakhalapo, inkadzera mwa Chimwemwe, mwamuna wake, ngakhale onse atatu ali pabwalo limodzi. Mwambo ndi umenewo, ndipo iye anausunga kuposa ana a kumudzi, kuopa kuti anganene kuti wa m'tauni alibe khalidwe.

Ku Kawale anayezapo apolisi. Anayezapo abusa, madalaivala a mathiraki, ngakhale woimba wina yemwe ankafuna thalauza yothina ngati khungu. Manyazi analibe. Tepi ndi tepi. Koma chiuno cha apongozi!

Njira yachidule inalipo. Tsidya lina la msewu kunali Che Sidiki, telala wamwamuna wosoka mikanjo. Chimwemwe anaimbira bambo ake kuwauza zimenezo. Yankho linamveka mpaka pomwe anakhala Tikondwe.

"Kuti mawa Senga Bay yonse idziwe kuti Shefu akusoketsa siketi? Ayi. Adzaone tsiku lomwelo, nditavala, nditaima bwino. Wa kunja asandiyeze."

Kunatsala Chimwemwe yemweyo. Ntchito yake inali yoyendetsa boti la alendo kupita nawo ku chilumba. Injini ankaidziwa ngati chikhatho chake. Tepi anali asanaigwirepo. Lachitatu m'mamawa Tikondwe anamuimika pakati pa nyumba nkumuphunzitsa pa thupi lake lomwe.

"Apa. Pa mchombo, bambo a Ruth. Osati pansi pa mimba pomwe mumamangira thalauza."

"Ndamva."

"Isathine, isalendewere. Chala chimodzi chilowe."

"Ndamva, mayi. Si injini imeneyi."

Anapita. Anabwera madzulo ndi thumba la mpunga ndi manambala atatu olembedwa kuseri kwa tikiti ya minibasi: 34, 38, 26.

Tikondwe anayang'ana tikitiyo nthawi yaitali. Apongozi ake ankawaonera patali, inde, koma maso a telala sanama. Munthu wolawa supu zaka makumi atatu sakhala 34.

"Munayeza pa mchombo?"

"Eya."

"Anagwada?"

"Anati mawondo akupweteka. Ndinawayeza ataima."

"Nanga 34 imeneyi, inanena ndi tepi?"

"Bambo ndi 34 kuyambira kalekale."

"Sindinafunse za kalekale. Ndafunsa tepi."

Chimwemwe anakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya chigubu cha mafuta ku doko.

Nsalu ya Ella Tikondwe sanaikhudze. Anatenga katani yakale yomwe loji ina inamusiyira, naidula motsatira manambala aja. Lachinayi lonse anapalasa makina. Anasoka kiliti yoyesera, yamaluwa achikasu, yonyansa ndithu. Lachisanu ndi Loweruka Chimwemwe anali ndi alendo pa boti. Masiku ankangosungunuka ngati mchere m'madzi. Lamulungu atatuluka m'tchalitchi ndi pomwe Chimwemwe anakwera nayo ku Chinguluwe.

Foni inalira masana.

"Sikukumana," anatero Chimwemwe.

"Kwatsala mpata wotani?"

"Woti mwana wa mbuzi nkudutsa."

"Bambo akuti chiyani?"

Anazengereza. "Akuti mwina telala anasunga nsalu."

Mawuwo anamulasa. Anadula foni. Isanazizire nkomwe, inaliranso. Anali Ella, atafika kale ku Lilongwe.

"Alamu, nsalu ija mwadula?"

"Ndatsala pang'ono."

"Musandibise. Kuno kuli telala yemwe akuti akailandira Lachiwiri angathe. Kupitirira apo sangathe. Ngati zavuta, ikwezeni minibasi. Palibe adzakusekeni."

"Mundipatse mawa lokha."

"Mawa lokha, alamu."

Lolemba Tikondwe anamusiya mwana wake Ruth kwa Nafisa. Anavala chitenje chatsopano ndi duku. Tepi anaika m'chikwama, pamodzi ndi pensulo ndi kapepala ka Ella. Chimwemwe anagona ku Chinguluwe, ndiye ulendowu unali wa yekha. Minibasi yoyamba inaima kasanu isanafike ku Salima. Yachiwiri inadikira kudzaza kwa ola lathunthu, wina akugulitsa mankhwala a makoswe pawindo. Kenako kabaza, fumbi, ana akukuwa m'mbali mwa njira. Njira yonse ankakonza mawu oti akanene. Pofika anali atawaiwala onse.

Pabwalo panali mpunga woyanikidwa pa matenti. A Davie ankautembenuza ndi chopalasira chamtengo, atavala shati yoyera ya kukhitchini yomwe mabatani ake a pakati ankavutika. Chimwemwe anali pa benchi, akukonza wailesi yosawonongeka.

Tikondwe anagwada pafupi ndi nkhokwe. Anawomba m'manja mofatsa.

"Muli bwanji, bambo?"

"Tili bwino, kaya amayi a Ruth? Mdzukulu wanga ali bwanji?"

"Ali bwino, bambo."

Moni unathera pomwepo. Tsopano nkhani inayenera kudzera pa benchi.

"Bambo a Ruth, auzeni bambo kuti nsalu ya Ella sindinaidule."

Chimwemwe anatembenuka. "Bambo, akuti nsalu ija sanaidule."

"Auze kuti achita bwino. Chomwe anatumiza dzulo nchachifupi. Mwina ku tauni amasoka moumira."

"Akuti..."

"Ndamva," anatero Tikondwe. Anayang'ana nkhokwe, nayang'ana nyerere zomwe zinkakoka njere ya mpunga. Mawa ndi Lachiwiri.

"Bambo a Ruth, afunseni bambo. Pamene ankaphika keke ya ukwati ku loji, ufa ankayeza ndi chiyani?"

"Ndifunse zimenezo?"

"Funsani."

Sanafunse. A Davie anali ataimitsa kale chopalasira.

"Ndi sikelo," anayankha, akuyang'ana mwana wawo. "Auze kuti ufa wa keke suyezedwa ndi maso. Ukaphonya pang'ono, keke imagwa pakati. Mzungu wina anandichotsa ntchito kwa masiku atatu chifukwa cha zimenezo."

"Afunseninso. Wowathandiza m'khitchini akanawerenga sikelo, nkutchula nambala ina pofuna kuwasangalatsa, akanamutani?"

Wailesi yokha ndi yomwe inkalira chapansipansi. A Davie anatsamiritsa chopalasira pa mtengo wa mango. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa benchi.

"Chimwemwe."

"Bambo."

"Tsiku lija, tepi inati chiyani?"

"Bambo, ine tepi sindiidziwa bwino."

"Manambala umawadziwa. Unapita kusukulu ndi thukuta langa. Inati chiyani?"

"Inati 42."

"Nanga 34 inachokera kuti?"

"Munanena ndinu, bambo. Munati suti ya ukwati wanu inali 34, ndipo simunasinthe."

"Ndiye iwe unalemba?"

"Ndikanati chiyani? Ndikanati bambo muli ndi mimba?"

A Davie anayang'ana pansi. Mapazi awo sanawaone. Anaona mabatani aja, akulimbana ndi moyo. Phewa linayamba kugwedera. Kenako kuseka kunaphulika, kwakukulu, kochokera pansi pa mimba yomweyo, mpaka nkhuku zinathawa pa mpunga.

"Suti ya chaka cha 1984! Mwana wopusa iwe! Ukanandipha ndi ulemu."

Tikondwe analuma mlomo, nkhope ili kumbali.

"Tenga tepi, uyezenso," anatero a Davie. "Amayi a Ruth aziona."

Tikondwe anaika tepi pansi, Chimwemwe nkudzaitola. Anayamba. Anaima patali ndi bambo ake ngati akuyeza ng'ombe yolusa, mikono itatambasuka, mutu utabwerera m'mbuyo. Tikondwe ankaonera pakona ya diso.

"Kwezani pang'ono. Ili pa lamba."

"Apa?"

"Yapotoka kumbuyo."

"40."

"Auzeni bambo apume. Alowetsa mimba."

"Sindinalowetse!" anatero a Davie, nkhope itafiira ndi mpweya womwe anasunga.

"43."

"Yalendewera. Mwalowetsa dzanja lonse."

"41. Kapena 44, ndikawerengera uku."

Manambala anayi, chiuno chimodzi. Tikondwe anaona nsalu ija m'maganizo, sizasi ikulowa, osabwereranso. Mawu anatuluka okha, osadzera pa benchi.

"Bambo, ndi manambala awa sindingadule."

Anazindikira atanena kale. Analankhula nawo mwachindunji, ndipo anawayang'ana m'maso. Chimwemwe anaima kukamwa kuli yasa, tepi ikulendewera m'manja.

A Davie anatembenukira kwa Chimwemwe. Anachotsa tepi m'manja mwa mwana wawo, naikoleka pa nthambi. Anazungulira kuseri kwa nyumba.

Basi, anaganiza Tikondwe. Zaka zisanu ndi chimodzi za ulemu, wazitaya ndi mpweya umodzi. Mawa nsalu ikwera minibasi. Ku ukwati azidzanong'onezana kuti mtengwa wa ku Kawale anatenga ntchito yomukulira, nkuwonjezapo mwano.

"Mwatani tsopano?" ananong'ona Chimwemwe.

"Khalani chete inunso."

Kuseri kunamveka phokoso. Nkhuku kukuwa, chidebe kugubuduka, a Davie kutukwana mwa Chiyao chomwe anaphunzira kwa asodzi. Patapita kanthawi anatulukira, wefuwefu, nthenga ili pa phewa. M'manja anali ndi thadzi lakuda, miyendo itamangidwa ndi luzi. Sanapite pa benchi. Anayenda molunjika mpaka pa nkhokwe, naliika thadzilo patsogolo pa Tikondwe.

"Mayi," anatero. Anadikira kuti mpweya ubwerere. "Kwathu, mwana wa eni akakhala nthawi pakhomo, akabereka, akaoneka mtima wake, akuluakulu amamupatsa nkhuku. Ndiye kuti amumasula. Azilankhula, azikhala nawo pa mphasa. Zimenezi amakonza ndi amayi. Mnzanga uja akanakhalapo, akanachita Ruth asanamere mano. Ine ndinkangoti mawa, mawa. Kenako ndinachita manyazi kuti ndachedwa. Ndiye ndinangokhala."

Tikondwe anayang'ana thadzi lija.

"Ndinkaona ngati simundifuna," anatero, mawu ali pansi.

"Ine ndinkaona ngati mumanyansidwa ndi nkhalamba ya kumudzi. Taonani zopusa zake. Landirani nkhukuyi. Kuyambira lero ndinu mwana wanga, chimodzimodzi Ella. Ella amandiuza kuti ndanenepa. Inunso muzindiuza."

Analandira ndi manja awiri. Anawomba m'manja katatu. Misozi inafuna kutuluka, koma thadzi linamujompha pa chala, ndipo inabwerera.

"Gwira nkhukuyi iwe," anatero a Davie kwa Chimwemwe. "Ntchito imeneyo ungaithe."

Tikondwe anaimirira, nasasa fumbi pa chitenje. Anachotsa tepi pa nthambi. Mapazi anali olemera pa masitepe atatu oyamba. Pa sitepe yachinayi telala anadzuka mwa iye.

"Masulani lamba, bambo. Kwezani manja. Mchombo uli pati? Lozani ndi chala."

Analoza.

Anazunguliza tepi. Anayenda kuseri kukaona ngati yagona mowongoka. Analowetsa chala chimodzi.

"Pumani. Tulutsani mpweya. Wonse, bambo."

Mimba inatsika, nkukhazikika pamalo pake.

"42 ndi theka."

"Lembani. Thekalo musalisiye, ndinaligwirira ntchito."

Analemba. Anatsitsa tepi pamene thupi latukuka kumbuyo, maso ali pa manambala okha. 44. Anayezanso kachiwiri miyeso yonse iwiri. Inatuluka chimodzimodzi.

"Kwatsala umodzi," anatero. Anazengereza. "Pakufunika mugwade."

"Ndinamva. Chimwemwe anandiwerengera, ine nkunamizira mawondo." Anayang'ana uku ndi uku. "Ngakhale mawondowo akupwetekadi. Bweretsa thumba, iwe."

Chimwemwe anayala thumba lopanda kanthu, thadzi lili kukhwapa. A Davie anagwira phewa lake. Bondo loyamba linalira ngati nkhuni youma. Lachiwiri linatsatira. Anagwada pakati pa bwalo lawo, dzuwa likuswa mtengo.

Tikondwe sakanatha kuima pamwamba pawo. Anagwada nayenso. Ntchito yomweyo inkafuna choncho. Anakhala maso ndi maso, mpunga uli mbali zonse.

"Wongolani msana. Musayang'ane pansi, mukufupikitsa."

Mayi wina wodutsa ndi beseni pamutu anaima pa mpanda.

"A Shefu, mapemphero a masana?"

"Pitirirani mayi, tili pa ntchito."

"Ntchito yogwada?"

"Mudzaiona Loweruka. Mukonzekere nthungululu."

Tikondwe anaika mutu wa tepi pa mchombo, naitsitsa mpaka pa thumba.

"23."

"Uja analemba zingati?"

"26."

"Ndikanaoneka ngati mayi wa chigwirizano. Ndidzutseni."

Anawadzutsa awiri, wina mkono uwu, wina uwo.

Pa kabaza pobwerera, Tikondwe anatumiza uthenga kwa Ella: Nsalu sikubwera. Ndidula mawa. Thadzi linali pamiyendo pake, likuyang'ana minda.

Lachiwiri m'mawa anasesa khonde kawiri. Anapempha mwini golosale tebulo lake lalitali. Anayala nsalu. Anajambula ndi choko, nayeza, nafufuta, najambulanso. Nafisa anasiya mandasi ake nkudzaima pambali, manja ali pachifuwa.

"Bismillah, achemwali. Dulani. Mtima wanga watopa."

Sizasi inalowa. Inalira mosiyana ndi pa chitenje, mokhuthala, ngati munthu akutafuna nzimbe. Inafika kumapeto. Dziko silinagwe.

Kenako kupinda. Apa ndi pomwe anadziwa kuti pa foni paja anadzitama. Siketi ya sukulu umangopinda. Iyi inkafuna kuti kamzere kofiira kagwere pakati pa chopinda chilichonse, ndiponso kuti zopindazo zithine m'chiuno nkumasuka potsika, kuchoka pa 42 ndi theka kufika pa 44. Anapinda khumi ndi zinayi, nazimasula zonse. Anayambanso. Mapini anali m'kamwa, moti makasitomala ankayankhidwa ndi mutu. Lachitatu magetsi anazima, ndiye anabwereka simbi ya makala kwa Che Sidiki, yemwe anayang'ana nsaluyo, nayang'ana Tikondwe, osafunsa kanthu. Anasita kudzera pa kansalu konyowa, nthunzi ikununkha ngati nkhosa yonyowa ndi mvula. Lachinayi anasokerera timalamba ndi manja. Singano zinathyoka ziwiri.

Lachisanu m'mawa a Davie anafika kunyumba kwa mwana wawo ndi kachikwama. Ella anali atafika kale kuchokera ku loji, tsitsi lili m'maluko osamaliza. Anakumbatira bambo ake, nawagwira pamimba.

"Adadi, mpunga wonse mumadya nokha?"

"Funsa alamu ako. Ali ndi nambala yake."

Analowa kuchipinda ndi kiliti. Anthu anadikira pakhonde. Mkati munkamveka kupuma ndi kung'ung'udza.

"Chimayambira mbali iti chimenechi?"

"Zopinda zikhale kumbuyo, bambo," anakuwa Tikondwe. "Yambani ndi mbali ya kumanja, ya kumanzere ibwere pamwamba."

Ella ankaluma chikhadabo.

Chitseko chinatseguka.

Anatuluka atavala shati yoyera, masokosi aatali, nsapato zopolishidwa. Kiliti inakhala pa mchombo ngati inamera pomwepo. Timalamba tinamangika pa bowo lapakati, lina latsala uku, lina uku. Mpendero unadula pakati penipeni pa bondo. Anatembenuka. Zopinda zinatseguka, kamzere kofiira kakuonekera paliponse, nkutsekekanso.

Ella anagwira pakamwa. Kenako anatembenukira kwa Tikondwe nkumukumbatira mwamphamvu.

"Mphepo ikulowa," anatero a Davie, akuyang'ana mawondo awo. "Koma ikulowa bwino."

"Mwatchena, bambo," anatero Chimwemwe.

"Iwe usandiuze. Mawu ako ndinasiya kuwakhulupirira." Anapapasa m'mbali. Anapapasanso. "Nanga foni ndiyika pati? Anthu a kumeneko alibe mafoni?"

"Kwatsala kansalu, bambo. Ndisoka kathumba mkati masana ano."

"Kakhale kokwana ndi mpango womwe. Mawa ndilira."

Ella anapukuta m'maso, nakoleka dzanja lake pa mkono wawo.

"Tiyeni tiyesere, adadi. Kuchokera pano mpaka pa mpanda. Pang'onopang'ono, si mpikisano."

Anayamba kuyenda pa mchenga wa pabwalo. A Davie ankaponda ngati akunyamula keke ya nsanjika zitatu. Ruth ankawatsatira kumbuyo, akuwomba m'manja. Tikondwe sankaona nkhope zawo. Anatsika pakhonde, nawerama, maso ali pa mpendero. Unali wowongoka kutsogolo. Unali wowongoka kumbuyo. Koma kumanzere kunkalendewera kaulusi kamodzi kobiriwira, kakuvina ndi mphepo.

"Bambo, taimani kaye!"

Anaima pomwepo, phazi limodzi lili patsogolo, osatembenuka. Tikondwe anathamangira m'nyumba kukatenga sizasi.